Kamungu timamulimbirana, Nyirenda timamukana

Anthu a ku Turkey ali ndi funso limene amakangana nalo kawirikawiri: kodi mtumwi Paulo ndi wawo? Anabadwira ku Tarsus, ndipo Tarsus lero ndi tauni ya kum'mwera kwa Turkey, kumene alendo amapita kukaona chitsime chotchedwa ndi dzina lake. Bishopu Nicholas, amene mbiri yake inabala Father Christmas wa m'masitolo uja, anatumikira ku Myra m'zaka za m'ma 300, ndipo Myra lero ndi Demre, ku Turkey komweko. Ena amati kubadwira pamalo n'kokwanira. Ena amati ayi, tiyang'ane magazi. Nkhaniyi ingaoneke yakutali, koma ife a kuno ku Mukobeko tili nayo pakhomo, ndipo kwathu kuno inafika mpaka kukhoti ndi kundende.

Tiyambe ndi za kutaliko, popeza mlandu wa eni suvuta kuweruza. Paulo anali Myuda wa fuko la Benjamini, anali nzika ya Roma, ndipo makalata ake analemba m'Chigiriki. Anthu a mtundu wa Turk anayamba kudzaza dera limenelo itatha nkhondo ya ku Manzikert mu 1071, patadutsa zaka pafupifupi 1,000 Paulo atamwalira, ndipo dziko la Turkey limene tikulidziwa lero linakhazikitsidwa mu 1923. Mafupa a Nicholas anatengedwa ndi amalinyero a ku Bari mu 1087 ndipo mpaka pano ali ku Italy, ngakhale akuluakulu a ku Turkey ananenapo kuti abwezedwe. Asilamu nawo ali ndi wawo. Jalal al-Din Rumi anabadwa mu 1207 chakudera la Balkh, analemba m'chilankhulo cha ku Persia, ndipo anamwalira ku Konya mu 1273. Afghanistan imati ndi wake chifukwa cha kubadwa, Iran imati ndi wake chifukwa cha chilankhulo, Turkey imati ndi wake chifukwa cha manda. Aliyense wagwira mwendo umodzi wa mbuzi, ndipo palibe amene akunama kotheratu.

Vuto lake ndi loti anthu amenewa anakhalako maiko amene akuwalimbirana asanabadwe. Kwathu kuno vutoli n'lalikulu koposa, chifukwa malire athu ndi a dzulodzulo. Mangalande ndi Apwitikizi anagawana dera lino mu 1891. Dzina loti Nyasaland linabwera mu 1907. Northern Rhodesia inapangidwa mu 1911 polumikiza zigawo ziwiri zimene kampani ya Cecil Rhodes inkalamulira. Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964, Zambia pa 24 Okutobala chaka chomwecho. Ngakhale tauni yathu ino yasinthapo dzina: kuyambira 1902 inkatchedwa Broken Hill, potengera mgodi wina wa ku Australia, ndipo dzina loti Kabwe linakhazikika ufulu utabwera kale. Njanji itafika kuno mu 1906, mgodi wa mtovu ndi zinki unakoka anthu ochokera kulikonse, ndipo ambiri mwa makalaliki, aphunzitsi, makhuki ndi alaliki anali ochokera ku Nyasaland, kumene sukulu za mishoni zinayamba msanga. Tiyeni tione atatu mwa anthu amene anadutsa malire amenewo ndi Baibulo m'manja.

Woyamba ndi Leonard Kamungu. Anabadwira ku Chia, pafupi ndi Nkhotakota, cha m'ma 1877. Anaphunzira m'sukulu za mishoni ya UMCA, ya mpingo wa Anglican, mpaka anakafika ku Zanzibar, ndipo mu 1909 anadzozedwa unsembe, mmodzi mwa ansembe oyamba achikuda a mpingowo m'dera la kunyanja. Dayosizi ya Northern Rhodesia itakhazikitsidwa mu 1910, Kamungu anavomera kusiya kwawo n'kukatsegula ntchito ku Msoro, pakati pa Akunda, kuchigawo chathu cha kum'mawa. Sanakhaleko nthawi yaitali. Anamwalira komweko mu 1913. Lero ku Zomba kuli sukulu ya ubusa yotchedwa Leonard Kamungu Theological College, ndipo Akhristu a Anglican a ku Msoro amamukumbukira monga kholo la mpingo wawo. Mukafunsa ku Malawi adzakuuzani kuti ndi mwana wawo. Mukafunsa ku Msoro adzakuuzani kuti ndi mtumwi wawo. Palibe amene amamufunsa chitupa.

Wachiwiri ndi David Kaunda, Mtonga wa kumbali ya Nkhata Bay, amene anaphunzira ku Livingstonia. Cha m'ma 1905 anakakhazikika ku Chinsali, pakati pa Abemba, kuphunzitsa ndi kulalikira, mzungu wa mishoni asanafike n'komwe kudzakhala kumeneko. Mishoni ya Lubwa, imene inakhazikitsidwa mu 1913, inamera pa ntchito yake. Mkazi wake, mayi Helen, naye anali mphunzitsi wochokera ku Nyasaland. Abusa Kaunda anamwalira mu 1932, atakhala zaka zoposa 25 pakati pa anthu a chilankhulo china. Sukulu ya ku Lubwa inatulutsa Simon Kapwepwe ndi Kenneth Kaunda, ndipo mpingo wa kumeneko unadzalowa mu United Church of Zambia mu 1965. Ku Lusaka kuli sukulu ya sekondale yotchuka imene ili ndi dzina la David Kaunda. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka mlendo ameneyu kanameta dziko lonse.

Wachitatu dzina lake silinalembedwe pa sukulu iliyonse, koma ndiye amene nkhani yake inayambira ndi kuthera m'tauni yathu ino. Tomo Nyirenda anali wa kumpoto kwa Nyasaland, nayenso anaphunzirako ku Livingstonia, ndipo anadzagwira ntchito ya ukhuki kuno ku Broken Hill. Mu 1925 anabatizidwa m'gulu la Chitawala. Tinene poyera kuti Chitawala cha masiku amenewo chinali cha alaliki odziyendera okha, amene anatola ziphunzitso za Watch Tower n'kuzisakaniza ndi zawo, ndipo a Mboni za Yehova samachiwerenga ngati chawo. Nyirenda anapita kukalalikira ku Mkushi, pakati pa Alala. Boma la atsamunda linamutsekera kwa kanthawi chifukwa sanalembetse monga mlendo wochokera kunja. Atatuluka, ubatizo wake unasanduka njira yosakira mfiti. Anayamba kutchedwa Mwana Lesa, kutanthauza Mwana wa Mulungu, ndipo mogwirizana ndi mfumu Shaiwila anayamba kupha anthu amene ankati madzi awaulula kuti ndi mfiti. Anawolokera ku Katanga, m'dziko la Congo, kumene anthu oposa 100 anaphedwa mwa njira yomweyo. Anagwidwa, mlandu wake unazengedwa kuno ku Broken Hill, ndipo mu Febuluwale 1926 ananyongedwa pamodzi ndi Shaiwila.

Tsopano tifunse funso lathu lija. Nyirenda ndi wa dziko liti? Tikatsata kubadwa ndi magazi, ndi wa ku Malawi mofanana ndendende ndi Kamungu ndi David Kaunda. Tikatsata kumene anagwira ntchito ndi kumene anafera, ndi wa ku Zambia mofanana ndi awiri aja. Koma simudzamva Amalawi akumutchula pa mndandanda wa ana awo otchuka, ndipo ife tikamakamba za iye timafulumira kuwonjezera kuti anali Mnyasa. Timaiwala kuti anabatizidwa kuno, kuti amene anamuitana anali mfumu ya kuno, ndipo amene ankaloza anzawo kuti ndi mfiti anali anthu a m'midzi ya kuno. Muyeso umene timayesera Kamungu timaubisa tikafika pa Nyirenda. Apa m'pamene timaona kuti kawirikawiri funso loti munthu ndi wa kuti limayankhidwa tisanayang'ane n'komwe kumene anabadwira. Timayamba taona ngati dzina lake likutipatsa ulemu kapena manyazi, kenako n'kusankha muyeso wotikomera.

Wina anganene kuti kubadwira m'dziko ndiye chitetezo chenicheni. Mbiri ya mayi Alice Lenshina ikukana zimenezo. Iwo anabadwira ku Chinsali mu 1920, Mbemba weniweni, ndipo anali wa mpingo wa ku Lubwa womwe uja umene David Kaunda anadzala. Mu 1953 ananena kuti anamwalira n'kuukanso atatumidwa ndi Yesu, ndipo mpingo wawo wa Lumpa unakoka anthu masauzande ambiri kumpoto ndi ku Lundazi. Mu 1964, miyezi yochepa ufulu usanafike, otsatira awo anamenyana ndi a chipani cha UNIP ndi asilikali a boma. Anthu mazanamazana anafa, mpingowo unaletsedwa, ndipo masauzande anathawira ku Congo kumene anakhala zaka zambiri monga othawa kwawo. Mayi Lenshina anakhala zaka zambiri ali m'manja mwa boma, ndipo anamwalira mu 1978 ku Chilenje, mu Lusaka, ali osaloledwa kuyenda mwaufulu. Mchombo wawo unagwera m'nthaka ya Zambia, koma zimenezo sizinawateteze pamene boma linawaona ngati mdani.

Chimene chimapangitsa kuti nkhaniyi ikhale yathu kwambiri ndi chimene chinachitikira mwana wa abusa a ku Lubwa aja. Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa pa 28 Epulo 1924 ndipo analamulira Zambia zaka 27. Atagonja pa chisankho cha 1991 n'kufuna kubwereranso, malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 1996 kuti woimira upulezidenti akhale munthu amene makolo ake onse awiri ndi nzika za Zambia mwa kubadwa kapena mwa mbadwo. Aliyense ankadziwa kuti msampha umenewo watcheredwa ndani. Zisanachitike izi, mu 1994, andale awiri a UNIP, William Banda ndi John Chinula, anathamangitsidwa kupita ku Malawi ponena kuti si nzika, ndipo a Chinula anamwalira ali komweko. M'masiku a Khirisimasi a 1997, asilikali ena atalephera kulanda boma mu Okutobala, a Kaunda anamangidwa n'kubwera nawo kuno, kundende ya Mukobeko. Anakana kudya, mpaka Julius Nyerere anachita kubwera kuchokera ku Tanzania kudzawaona. Mu Malichi 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linagamula kuti munthu ameneyu alibe dziko, si wa Zambia ndipo si wa Malawi. Chigamulocho sichinakhalitse, pakuti mu 2000 nkhaniyo inathera ku Supreme Court unzika wawo uli m'manja.

Taonani m'mene zinakhalira. Bambo dzina lawo lili pa sukulu ya boma mu Lusaka chifukwa anachokera ku Nyasaland kudzatiphunzitsa. Mwana anauzidwa kuti si wathu chifukwa bambo ake anachokera ku Nyasaland. Ulendo ndi umodzi womwewo wa 1905, koma unawerengedwa ngati dalitso pamene tinkaufuna, n'kuwerengedwanso ngati mlandu pamene andale anatopa ndi mwini wake. Mpeniwo unatembenukiranso amene anaunola: a Frederick Chiluba nawo anatengeredwa kukhoti ndi anthu onena kuti makolo awo sanali a kuno, ndipo khoti linachita kuwaikira kumbuyo. Lamulo lomwelo linaletsa a Guy Scott kuima pa chisankho a Michael Sata atamwalira mu 2014, ndipo linachotsedwa pa kusintha kwa malamulo kwa 2016. A Kaunda atamwalira pa 17 Juni 2021, dziko linalira masiku 21 ndipo anaikidwa ku Embassy Park monga tate wa fuko. Munthu mmodzi, wobadwira malo amodzi, anakhala nzika, kenako wopanda dziko, kenako tate wa dziko.

Makolo athu anali ndi njira zawo zoyankhira funso ili, ndipo sizinali njira imodzi. Kwa Achewa, mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, ndipo kwawo kwa munthu ndi kumudzi kwa amayi ake ngakhale atabadwira kutali. Alenje, eni nthaka ino ya Kabwe, ndi Alala ndi Abemba nawonso amatsata kuchikazi. Angoni ndi Atumbuka amatsata kuchimuna, malowolo akaperekedwa. Choncho mwana wa bambo wa Chichewa ndi mayi wa Chingoni angathe kukankhidwa mbali zonse ziwiri, ndipo mwana wa bambo wa Chingoni ndi mayi wa Chichewa angathe kulimbiranidwa mbali zonse ziwiri. Akuluakulu ankadziwa kuti magazi okha sathetsa nkhani. N'chifukwa chake panalinso miyeso ina: kumene unagwera mchombo, kumene munthu wapatsidwa munda, kumene amapita kumaliro, ndi kumene adzagone. Mkamwini amene wakhala pamudzi zaka makumi atatu, wakumba manda a apongozi ake, palibe amene amamutchulanso mlendo pokhapokha pakabuka mkangano wa malo.

Ndipo miyambo yathu ya chipembedzo sinadziwepo malire a 1891. Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, m'boma la Katete, koma chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera ku Kulamba kudzagwada pamaso pake, ndipo likulu lakale la Undi linali ku Mano, kumene lero ndi Mozambique. Gule Wamkulu atalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, analembedwa m'dzina la maiko atatu pamodzi, chifukwa panalibe njira ina yoona. Kachisi wa Mbona ali ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, koma opempha mvula kumeneko ankachokera mbali zonse za mtsinje wa Shire ndi Zambezi. Ngakhale m'matchalitchi a masiku ano, Emmanuel Milingo, amene anakhala Arkibishopu wa Lusaka kuyambira 1969 mpaka 1983, anabadwira kufupi ndi Chipata koma unsembe anaphunzira ku Kachebere, tsidya la Malawi. Ku Zimbabwe, Akhristu a Anglican amasonkhana chaka ndi chaka pafupi ndi Marondera kukumbukira Bernard Mizeki, amene anaphedwa mu Juni 1896. Iye anabadwira kufupi ndi Inhambane ku Mozambique ndipo anabatizidwa ku Cape Town.

Ndiye tiziti chiyani? Ife tikuona kuti mawu ake oona ndi ataliko pang'ono, koma ndi oyenera kuwanena onse. Paulo anabadwira kumene lero kuli Turkey. Sanali wa mtundu wa Turk. Kamungu anabadwira kumene lero kuli Malawi ndipo anafera kumene lero kuli Zambia. Iye mwini sanamvepo maina a maiko awiriwa monga tikuwatchulira lero. Mawu oti "kumene lero kuli" amasunga choonadi cha malo popanda kumuveka munthu malaya amene sanavalepo. Kenako tifunse kuti iye ankadzitcha ndani, ankalankhula chilankhulo chanji, ndipo ankatumikira ati. Pa mafunso amenewa, Kamungu anali Mchewa, wansembe wa Anglican, mtumiki wa Akunda. Zonsezi ndi zoona pa nthawi imodzi.

Izi sizikutanthauza kuti malo obadwira alibe kanthu. Amapereka udindo. A ku Turkey akamasamala chitsime cha ku Tarsus ndi tchalitchi chakale cha ku Demre, akuchita ntchito yabwino ngakhale ambiri a iwo ndi Asilamu, ndipo ali ndi ufulu wonyadira kuti nthaka yawo inabala anthu otere. Ifenso timadziwa kuwawa kwa nkhani ya mafupa, popeza chigaza chakale chija chimene chinapezeka mumgodi wathu mu 1921 chikadali ku London ndipo boma lathu lakhala likupempha kuti chibwerere. Malo ali ndi mawu pa zimene zinatuluka m'nthaka yake. Chimene tikukana ndi kusandutsa malo obadwira kapena magazi kukhala mpanda, woti amene ali mkati ndi athu tokha, amene ali kunja si athu konse.

Ndipo ngati titenga udindo wa abwino, titengenso wa oipa. Kabwe ikamakamba mbiri yake, izikamba za mgodi, za njanji, za msonkhano wa pa thanthwe la Mulungushi, komanso za Tomo Nyirenda. Mpaka lero m'makomboni ndi m'midzi yathu nkhalamba zimamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, chifukwa wina wodzitcha mneneri waziloza kuti ndi mfiti. Tikati Mwana Lesa anali mlendo, phunziro lake timalitaya kutsidya kwa malire, pamene ndife amene tikulisowa.

Pali chifukwa china chimene tikulembera izi. Kuno ku Mukobeko, ku Bwacha, ku Ngungu, ku Makululu, kuli mabanja ambiri a Phiri, Banda, Mwale, Chirwa, Nyirenda, amene agogo awo anabwera wapansi kapena pa sitima kudzagwira ntchito mumgodi ndi ku njanji. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma anthuwo anatsala, ndipo fumbi la mtovu analipuma limodzi ndi wina aliyense. Mdzukulu wawo akapita kukatenga chitupa amafunsidwa mudzi ndi mfumu, ndipo mudzi umene agogo ankautchula uli ku Nkhata Bay kapena ku Dedza, kumene iye sanapondeko. Nthawi ya chisankho ikayandikira, kapena pakabuka mkangano wa puloti, mawu aja oti "bwererani kwanu" amatuluka mosavuta. Amene amawanena, Lamulungu amakapemphera m'tchalitchi chimene chinadzalidwa ndi munthu wochokera kutsidya komweko, n'kumaimba nyimbo zimene iye anaphunzitsa agogo awo.

Choncho tikamaphunzitsa ana athu za Kamungu ndi David Kaunda, tiwauze kumene anachokera popanda kubisa, tiwauzenso kumene anagwira ntchito ndi kumene anagona. Tiwauze kuti a ku Nkhotakota ndi a ku Msoro onse ali ndi gawo mwa munthu mmodzi ndipo palibe amene walandidwa. Ndipo mnzathu wa pakhomo loyandikana akadzafunsidwa kuti kwawo n'kuti, ife amene takhala naye pa maliro ndi pa ukwati tikhale oyamba kuyankha kuti agogo ake anachokera kunyanja, iye ndi wa kuno.